Chimimba Chosokedwa ndi Singano

Pali nkhani zina zimene munthu umalumbira kuti udzapita nazo kumanda, koma ukamakula manyazi amasungunuka ngati sopo. Iyi ndiinena ndekha, chifukwa ana anga anaimva kale kwa mayi awo, ndipo mayi awowo amaithira mchere wambiri.

Zinali zaka zija anzathu a ku Mozambiki atadzaza m'boma la Mangochi pothawa nkhondo. Ine ndinali mphunzitsi wachinyamata pasukulu ina pafupi ndi tauni, wosakwatira, wodziwa kuphika tiyi basi. Othawa kwawowo ankalandira mafuta ophikira, ndipo ena ankawagulitsa kuti apeze sopo ndi ndiwo, moti mafuta anatchipa kwambiri. Pageti pa sukulu pankakhala Mayi Felizita, amene anathawa ndi ana awo kuchokera kutsidya kwa malire, ndipo ankakazinga mandasi ndi chinangwa. Kasitomala wawo woyamba m'mawa ndinali ine, womaliza poweruka ndinalinso ine. Thupi linabwera, ine sindinalikanize. Anthu anayamba kunditchula kuti bwana, ndipo ku Namwera, kwawo kwa Patuma, mtsikana amene ndinkafuna kumukwatira, amalume ake, Che Bwanali, anangondiyang'ana kamodzi n'kunena kuti mwana wawo sadzagona ndi njala.

Kenaka mutu unayamba kundipweteka, chizungulire chosatha. Kuchipatala anandikulunga chinsalu chija pamkono n'kupopa, dokotala n'kupukusa mutu.

"Aphunzitsi, magazi anu akuthamanga ngati a nkhalamba. Siyani zamafuta, chepetsani mchere ndi shuga, muziyenda pansi. Apo ayi, mudzagwa m'kalasi choko chili m'manja."

Ndinachita mantha, ndipo ine ndikachita mantha ndimapyola muyezo. Mandasi ndinasiya tsiku lomwelo. Njinga ndinaipachika kudenga. Ndiwo zanga zinali usipa wowiritsa ndi masamba opanda dontho la mafuta (chakudya chimene ngakhale mphaka wa aneba ankachinunkhiza n'kubwerera). Mayi Felizita ankandiyang'ana ndikudutsa pageti maso ali kumbali.

"Aphunzitsi," anatero tsiku lina, "ife tinayenda m'tchire mausiku kuthawa njala, inu mwachita kuiitana kuti ibwere? Dziko lanuli n'lodabwitsa."

Malangizo aja anagwira ntchito. Mutu unaleka, ndinayamba kukwera mtunda osapuma wefuwefu, lamba ndinamuboola mabowo atsopano ndi msomali. Ndinkanyada. Chimene ndinaiwala n'chakuti zinali zaka zomwe matenda aja a kaliwondewonde anali atayamba kutola anthu, ndipo palibe ankawatchula dzina. Anthu ankangokuyang'ana m'khosi mwa malaya. Aphunzitsi anzanga anayamba kubwera ndi makapu awoawo. Mayi wina pamsika anandiuza kuti "pepani" ndisanadandaule kanthu.

Ndiye tsiku lina Patuma anatsika kuchokera ku Namwera kudzagula nsomba, n'kundipeza kusukulu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine n'kumufotokozera za kuchipatala.

"Amalume amva kuti mwatha," anatero. "Akuti mubwere Loweruka akuoneni okha. Ine ndamva zimene mwanena za kuchipatalazo, ndipo ndikukhulupirirani. Koma amalume sakhulupirira pakamwa, amakhulupirira maso. Akaona zimene amvazo, ukwati palibe."

Mtima unandigwera m'mimba (malo analipo ambiri). Patuma ndinkamukonda zedi, ndipo kuganiza zomutaya chifukwa cha usipa wowiritsa kunandisowetsa mtendere. Masiku otsalawo ndinadya ngati dzombe, koma thupi silibwera ngati mlendo woitanidwa. Ndipamene ndinapita kwa Mayi Felizita, poti ankasokanso zigamba, n'kuwafotokozera nzeru yanga. Anaseka mpaka kukhala pansi, koma anandimvera chisoni. Anatenga chitenje chakale cha maluwa ofiira, n'kulongamo thonje, n'kusoka chimimba chooneka bwino ndithu, cha zingwe zomangira kumsana.

"Musamapume mwamphamvu," anandichenjeza. "Ulusi wake ndi wakale."

Loweruka ndinachimanga, pamwamba malaya awiri, pamwamba pake jekete, m'mwezi wa Okutobala, ku Mangochi. Amene mumadziwa kutentha kwa kwathu mwamva kale chisoni. Ndinakwera matola, ndipo m'mapiri muja galimoto ikakhota, chimimba chinkakhotanso. Ndinatsika ku Namwera chili m'nthiti, n'kukachikonza kuseri kwa golosale. Za masaya ndinalibe nazo nzeru, ndinangoti ndizimwetulira kuti azioneka odzaza.

Che Bwanali ndinawapeza pakhonde. Titapatsana salamu, anandiyang'ana nkhope, kenaka mimba, kenaka nkhope.

"Nkhope yatha, koma mimba ilipo," anatero.

"Ndi mmene tilili kumtundu kwathu, amalume," ndinayankha. "Timayambira pamwamba."

Anangoti "ehe," n'kuyamba kufunsa za sukulu. Mumtima ndinati ndawoloka. Ndinali nditakonzekera zonse, kakhalidwe pampando, kadyedwe, ngakhale katsokomoledwe. Chimodzi chokha sindinachiganizire. Dzuwa litapendeka pang'ono, mkuluyo anadzuka n'kunena kuti nthawi ya swala, pemphero lathu la Chisilamu, yakwana, tiswalire limodzi pakhonde pomwepo.

Tinatawaza, kusamba kuja kokonzekera pemphero, iwo n'kuyala mkeka, ine n'kuima kudzanja lawo lamanja. Powerama koyamba ndinamva chingwe chikudandaula kumsana. Pogwetsa chipumi pansi chinangoti thu. Nditadzuka, ndinadzuka ndekha. Chimimba chinatsala pamkeka, maluwa ake ofiira ali poyera.

Kwa amene simudziwa, munthu ukayamba swala suyankhula, sucheuka, sutolatola zinthu, mpaka umalize. Ndiye tinapitiriza. Ndikawerama, chipumi changa chinkatera pafupi ndi chimimba changa chomwe. Malaya anali lendelende ngati apachikidwa pamtengo, thukuta likutsika mpaka m'mawondo. Mawu a Che Bwanali ndinawamva akunjenjemera, ndipo ndinadziwa kuti kaya ndi mkwiyo kaya ndi chiseko, ine zanga zada. Sindinaswalipo swala yaitali ngati imeneyo.

Titamaliza, anachitola n'kuchitembenuza m'manja. Ndinkadikira kuti aseke kapena andithamangitse. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

"Mwana wanga Yusufu atabwera kuchokera kutauni ankavala malaya atatu," anatero pansipansi, "kuti amayi ake asaone. Tinamuika chaka chatha."

Za maliro amenewo ndinkazidziwa, koma ndinauzidwa kuti chinali chifuwa. Manyazi amene ndinali nawo anasanduka chisoni. Ndinkaganiza kuti ndabwera kudzapusitsa nkhalamba yovuta, osadziwa kuti ndabwera kudzatosa chilonda cha bambo woferedwa. Ndinawafotokozera zonse, za mutu, za dokotala, za njinga ili kudenga. Patuma naye anayankhula ali kuseri kwa chitseko, kuti zimenezi ndinamuuza kale.

"Mwina mukunena zoona, aphunzitsi," anatero mkuluyo. "Yusufu naye ankati ndi chifuwa. Sindikukana, sindikuvomera. Mvula igwe, tilime, tikolole. Inu muzibwera kudzadya pano, ndizikuonani."

Ndinadikira. Mwezi uliwonse ndinkakwera mapiri aja, ndipo Che Bwanali ankakhala moyang'anana nane, iwo osadya, kumangondisunthira mbale ya mpunga wonyezimira mafuta ndi nyama ya mbuzi. Ndikati ndakhuta, nkhope yawo inkagwa, ndiye ndinkapitiriza. Kwa Mayi Felizita ndinabwererako, ndipo anandilandira ngati mwana wosochera. Dokotala atandionanso anangogwira m'chiuno. Ndinawauza kuti kuyenda pansi sindinasiye, mchere sindithira wambiri, koma zinazo andikhululukire, pali mlandu umene ndikuzengedwa ku Namwera.

Titakolola, anavomera. Tsiku la ukwati, anthu ali pikitipikiti, Che Bwanali anandikokera pambali. Ndinkayesa akufuna kundilangiza za banja. Iwo anangolowetsa dzanja m'jekete n'kunditsina pamimba, mwamphamvu, mpaka ndinakuwa. Sanasiye msanga. Nditawayang'ana ndinaona misozi ili lengelenge.

"Iyi ndi yanu," anatero.

Anzanga, malangizo a kuchipatala ndi abwino, muziwatsata, ndipo mukayamba kuonda muziuziratu akuchikazi. Ine lero ndimamwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ndipo adokotala amandiuzabe kuti ndichepetse thupi. Ndimavomera ndi mutu. Koma thupi limeneli linatonthoza munthu wamkulu amene ankaopa kuikanso mwana wina m'manda, ndipo mpaka pano sindinapeze mtima wolichotsa.