Nkhonya Zopanda Mlandu

Lolemba
Ndalimalizanso buku lopanda chikuto lija ndinagula ku Chipata tikubwerera kwathu. Buku limeneli! Wofufuza milandu wake si wapolisi, amachita kulembedwa ganyu. Mkazi anamuthawa, mphuno inapindika, amadzuka ndi matsire. Akusaka amene anapha mnyamata wankhonya, wosalipidwa, wongomenyera dzina. Mulibe munthu wabwino m'menemo, n'chifukwa chake ndikulikhulupirira.
Ndatsimikiza: Loweruka lino kukhale nkhonya pa Nsadzo, kuseri kwa msika. Zamalamulo, ngati za m'bukumo. Awiri avomera: Zeka wokonza njinga, amene anali msilikali, ndi Lufeyo wonyamula matumba ku Cassacatiza, amene tinali naye kumsasa wa othawa nkhondo.

Lachiwiri
Zapezeka:
zingwe za ng'ombe zotchingira bwalo
thumba la chimanga cha chithandizo, lothira mchenga
magolovesi (manja a jekete yanga, othira thonje)
belu (chitsulo cha lole yopsa ija ya pamseu)
Lufeyo akumenya thumba ngati lamutukwana. Zeka akudumphadumpha monga ndamuwerengera. Sabata ino tiona zinthu!

Lachitatu
Zeka anakhalapo ku Tete, ndiye akulengeza za nkhonyazo m'Chipwitikizi, kuti Loweruka kuli "bokse". Pofika kuchitsime, mawuwo asanduka bokosi. Amayi ake a Lufeyo andipeza ndikuzika mitengo: "Bokosi limenelo ndi la mwana wa ndani?"
Ndikuwafotokozera kuti safa munthu, ndi masewera chabe.
"Nanga alakwirana chiyani?"
Palibe, mayi.
"Anthu samenyana palibe."

Lachinayi
Atsibweni a mbali zonse ayamba kufufuza mlanduwo. Wofufuza wa m'buku langa amayamba wamenyedwa m'makwalala kuti amve dzina limodzi. Awa angokhala pamthunzi ndi fodya wawo, ndipo pofika masana atulukira izi:
mbuzi za kwa Lufeyo zinadya mbatata za kwa Zeka nkhondo isanayambe
malata a nyumba ya kwa Lufeyo, amene anasowa eni ake ali ku Zambia, akufanana kwambiri ndi amene afolera pokonzera njinga pa Zeka
Anyamatawo sankadziwa chilichonse. Tsopano akudziwa.

Lachisanu
Sakupatsana moni! Lufeyo wang'amba thumba ndi chibakera chimodzi. Ndikuyenera kuda nkhawa, koma kunena zoona tayamba kufanana ndi bukulo.
Masana akubwera akazi a Zeka, mwana kumbuyo: "Achimwene, amuna angawa anasambitsidwa mankhwala atachoka kunkhondo. Akakhetsa magazi mawa, mukawasambitsanso ndinu?"
M'buku mulibe zimenezi. Ndawonjezera thonje m'magolovesi.

Loweruka
Anthu ndi ambiri! Ena apalasa njinga kuchokera ku Mualadzi. Ndikuimba chitsulo. M'zingwe mukulowa atsibweni, atanyamula mphasa ndi mtsuko wa mowa.
Kukamba mpaka dzuwa kupendeka. Zeka abweza malata. A kwa Lufeyo apepesa za mbatata, ngakhale mbuzi zake zinadyedwa kalekale. Anyamata anga akumwera chipanda chimodzi, Lufeyo akadali ndi golovesi kudzanja lamanzere. Nthungululu.
Kenako atsibweni a Zeka akutembenuka: "Tsono wawayambanitsa ndani anawa?"
Wolakwa wapezeka popanda kutsegula tsamba lomaliza: ndine. Tambala wanga wapita pa chindapusa.

Lamulungu
Kutchalitchi athokoza Mulungu kuti magazi sanakhetsedwe pa Nsadzo. Zeka ndi Lufeyo akhala benchi imodzi. Zingwe zabwerera kukhola, jekete ilibe manja, Juni ali pafupi.
Atsibweni a Lufeyo abwera kudzaona buku loyambanitsa anthulo. Chingerezi sachimva, ndiye ndikuwamasulira. Sitinafike ndi pamtembo pomwe, andiimitsa: "Mkazi wa wofufuzayu pochoka, ankhoswe anali kuti?"
Akuti tisapitirire mpaka nkhani imeneyi ithe kaye.