Momwe Ndinaikira Chimbudzi cha Apongozi pa Mapu

Mpaka lero apongozi anga aamuna, a Kampira a ku Naperi, akamandipatsa moni amayang'ana kaye foni yanga asanayang'ane ine. Sindiwaimba mlandu ayi. Ndinawachita chipongwe chimene ngakhale mdani wawo sakanachiganiza.

Chaka chimenecho ndinapeza ganyu. Akhonsolo ankafuna achinyamata oti aziyenda m'madera n'kumaika zinthu pa mapu a pakompyuta: mijigo, milatho, malo otayako zinyalala, zimbudzi za aliyense. Anatipatsa foni ndi kajekete konyezimira (ine ndinkakavala ngakhale popita kometa). Ntchito yake inali yosavuta. Ukafika pamalo, ulembe zomwe waona, kenako udine batani kuti foni isunge pomwe waimapo. Mayi amene ankatiphunzitsa anachita kubwereza: "Muzidina muli pamalo pomwepo. Ndipo mapu awa ndi a aliyense, wofuna akhoza kuwatenga n'kuwagwiritsa ntchito." Nthawi imeneyo ine ndinali kalikiliki kudzijambula ndi kajekete kaja.

Tsiku latsokalo ndinali pa kamsika kena ku Chimwankhunda. Ndinapeza chimbudzi chatsopano, n'kuchilemba, koma foni inakana kugwira malo, inkangozungulira. Ndinati ndidina nthawi ina. Ndinagula tchipisi cha pachiwaya ndi saladi wa kabichi amene ntchentche zinali zitalawa kale, kenako ndinauyamba ulendo wa ku Naperi wapansi. Pofika kumeneko m'mimba munali mukulira ngati minibasi yodzaza pa chitunda.

Mwamwayi chibwenzi changa, Tiyamike, ankakhala chapafupi. Kwawo ndinali ndisanapondeko, chifukwa bambo ake, a Kampira, mkulu wa mpingo, ankadziwika pothamangitsa anyamata ndi payipi yothirira maluwa. Koma m'mimba simuopa mkulu wa mpingo. Ndinamuimbira foni.

"Tiya, madala alipo?"

"Apita kumaliro. Bwanji?"

"Tsegula geti. Mafunso pambuyo."

Chimbudzi chapanja, kuseri kwa nyumba, chinandilandira ngati mwana wolowerera. Mtima utakhala pansi ndinatulutsa foni (musandiyang'ane choncho, nonse mumatero). Ndinaona ntchito ija yosamaliza, ndipo tsopano foni inali itagwira malo bwinobwino. Ndinadina. Ndipo poti ndinali wosangalala, ndinawonjezera ndemanga ya zomwe maso anga ankaona: "Chaukhondo, chaulere, madzi alipo, pepala liliponso."

Patapita miyezi ingapo, Tiyamike anati nthawi yakwana yoti ndikaonekere kwa makolo. Ndinapita Lamulungu masana, nditavala suti ya msuweni wanga. A Kampira anandikhazika pakhonde, anandifunsa dzina, kwathu, ndi mpingo, ine n'kuwonjezerapo kuti pakhomopo kanali koyamba kufika. Kenako anafunsa ntchito.

"Ineyo bambo," ndinatero nditatukula chifuwa, "ndine amene ndikuika mzinda uno pa mapu."

"Chabwino," anatero. "Mzinda uno ukufunikadi anthu anzeru, chifukwa wadzaza amisala. Mukudziwa kuti masiku ano anthu akumagogoda pageti panga kufuna chimbudzi? Dzana kunabwera mzungu ndi chikwama chakumsana. Sabata yatha minibasi yonse ya amayi opita kuukwati. Ndinawalola poti ndine Mkhristu, koma anandimalizira madzi a m'diramu."

Ndinaseka nawo, pang'ono chabe, chifukwa penapake m'mutu mwanga kabelu kanali kakulira.

Nthawi yomweyo geti linagogodedwa mwamphamvu. Analowa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, chipewa chili kumutu, miyendo ataiphatikiza.

"Pepani abwana, chaulere chija chili mbali iti?"

A Kampira anaimirira. "Achimwene, simupita kulikonse musanandiuze amene wakutumani."

"Foni, abwana! Onani, ndi apa. Akuti pepala liliponso."

A Kampira anavala magalasi. Wa kabazayo, pofuna kumasulidwa msanga, anadina kachizindikiro kaja kuti aone bwino. Pansi pa ndemanga panali tsiku, ndi dzina la woika. Dzina langa lonse, monga lilili pa khadi la ubatizo. Analiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati akulengeza maliro m'tchalitchi. Kukhitchini mbale inagwa.

"Kodi," anatero atatembenukira kwa ine, "si paja mwati pakhomo pano n'koyamba kufika lero? Nanga za pepala munazidziwa bwanji?"

Wa kabaza anakweza dzanja. "Abwana, nkhani ya pabanjayi ine ndilibe nayo gawo. Ndingapiteko?"

Anamulozera kuseri. Ine anandilozera kugeti.

M'mawa mwake ndinathamangira kuofesi. Mayi otiphunzitsa aja anafufuta cholakwikacho nthawi yomweyo, atamaliza kuseka. Koma anandiuza kuti ena anali atakopera kale mapuwo n'kuwaika m'mafoni a anthu, ndipo kumeneko kusintha kumafika mochedwa. Alendo a a Kampira anapitiriza kubwera.

Tiyamike ndi mayi ake anandichonderera kwa milungu ingapo. Pomaliza a Kampira anati andikhululukira ndikathetsa vutolo ndi manja anga. Ndinagula penti yofiira n'kulemba pakhoma la mpanda, zilembo zazikulu zooneka uli kumsewu: PANO SI CHIMBUDZI.

Ogogoda anachepadi, ndipo ukwati unachitika. Koma makondakitala a minibasi sawerenga chinthu n'kungochisiya. Pasanathe mwezi, siteji ya pafupi ndi nyumbayo inali ndi dzina latsopano. Lero kondakitala akakuwa kuti, "Otsika pa Sichimbudzi!" mkazi wanga amayankha mosaopa, poti ndi kwawo. Ine ndimakhala chete, n'kukatsikira siteji yotsatira, ndibwerere wapansi.