Mbuzi Inalalikira mu Laputopu ya Achemwali

Mpaka lero achemwali akamatsegula laputopu amandituma kumjigo, ngakhale ndowa zonse zili zodzaza.

Ntchito yawo ndi yophunzitsa kompyuta kutsatira nkhani za Chinyanja. Amawatumizira nkhani, iwo n'kumapaka mitundu. Dzina la munthu likakhala lofiira, paliponse pomwe nkhaniyo yamutchulanso, kaya "iwo", kaya "bamboyo", napo apake pofiira. Basi, kompyuta izidziwa kuti akunena yani.

Loweruka lina anapita kuchigayo osatseka laputopu. Nkhani inali ya abusa ena omwe mbuzi inawadyera chimanga. Abusa ofiira, mbuzi yobiriwira. (Inuyo mukanatani?) Ndinasintha mtundu pamalo amodzi okha, mbuzi n'kukwera paguwa. Nditaona kuti ikulalikira bwino, ndinaipatsanso njinga ya abusa, mkazi wawo ndi ana omwe. Ndinadina potumizira, ine ulendo kumpira.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti nkhani iliyonse amaipaka anthu awiri osaonana, kenaka abwana amafananitsa. Winayo ndi mnyamata wa ku Nchema, ndipo kwa iyeyo abusa anali akadali abusa.

Lolemba foni inalira tili pakhonde. Achemwali anaikweza mawu poti m'manja munali sopo.

"Mwakwatitsa mayi busa kwa mbuzi," anatero abwanawo, osaseka n'komwe. "Ngati mumangodina osawerenga nenani, ofuna ntchitoyi alipo ambiri."

Ntchito imeneyi achemwali anaisakasaka chimalizireni sukulu. Mtima unati thawira ku Namadzi.

"Zinatumizidwa liti zimenezo, bwana?" anafunsa achemwali.

"Loweruka m'mawa."

Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono. Ine maso pansi, kuyang'ana nyerere ngati sindinazionepo.

"Iwe mphaka iwe, bwera kuno. Uwauze wekha."

Ndinagwadira foni (eya, foni). "Pepani bwana, ndine mlongo wawo. Achemwali anali kuchigayo, mbuziyo ndinaikweza paguwa ndine."

Thukuta linatsika mpaka m'zidendene.

"Mayi, zonse za sabata yathayi mubwereze," anatero abwanawo pomaliza. "Zikachitikanso, tasiyana."

Khutu langa lakumanzere likadali lotentha ndi mmene achemwali analikokera. Koma phunziro ndalitola ndithu: anthu amenewa sungawapusitse uli wekha, pamafunika mitundu ifanane mbali zonse ziwiri. Ndafufuza kale. Mnyamata wa ku Nchema uja ali ndi mng'ono wake wa Folomu 2, ndipo akuti nayenso samamva.