Ndinadula Pichesi wa Amayi Ali M'tulo

Mpaka lero ndikangogwira nkhwangwa, amayi amathamanga kukaima kutsogolo kwa mtengo uliwonse wapafupi. Sindiwadzudzula ayi.

Sekondale yonse ndinaphunzirira ku Salima, kwa amalume. Kwathu kwa Dzoole ndinkabwera pa Khirisimasi basi, pichesi wa m'dimba la kuseri kwa nyumba atachita kuwerama ndi zipatso. Anam'dzala ndi malemu bambo, ndipo amayi ankamukonda kuposa ine (mboni ndili nazo).

Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndinafika kumudzi mu Julaye, chisanu chake chogwedeza ndi mano a nkhuku omwe. M'dimba mpiru uli bwinobwino, anyezi akunyada, koma pichesi ali mbulanda, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Ndinati basi, wafa, amayi akungolephera kuvomereza. Iwo anali ku Ntchisi kokaona odwala, ndiye ine katswiri wa Agirikacha ndinaganiza zowachotsera chisonicho asanabwere. Paja inali nthawi ya matipate, aliyense ndi ufulu wake.

A Saidi a kugolosale anaima ndi njinga.

"Aphunzitsi, mtengowo wakulakwirani chiyani?"

"Wauma, bambo. Zimenezi tinaphunzira."

"Ooh, munaphunzira," anatero, n'kupalasa.

Nkhwangwa yachitatu, m'kati monyowa. Ndinati ndi mame. Yachikhumi, khuu! pansi.

Amayi atabwera sanakalipe (bola akanakalipa). Anangokhala pansi pafupi ndi chitsa, dzanja patsaya.

"Iwe, ku Salima mitengo sigona? Pichesi akamva chisanu amavula, Ogasiti akafika amavala maluwa. Ukanangokanda khungwa ndi chikhadabo, mwanawe."

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala wantchito wa chitsa. Madzi m'mawa, madzi madzulo, chitsime chinatsala pang'ono kundisumira. Manyowa, mpanda wa mbuzi, ngakhale kupepesa ndinkapepesa pakakhala popanda anthu. Mwera unatha, fumbi linabwera, mpiru unachita maluwa n'kuuma. Chitsa zii.

Dzuwa la Okutobala litafika powotcha, ndinaona timphukira titatu m'mbali mwake. Ndinakuwa moti ku Dzaleka anamva.

Amayi anawerama, anatikhudza ndi chala chimodzi, kenaka anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Wakukhululukira. Koma zipatso udikira zaka. Anzako akamadya, iwe uziwerenga masamba, poti unaphunzira."

Ndikuwerengadi, ndipo sindidandaula. Chaka chino wavulanso. Ndimadutsa chapatali, manja kumbuyo, n'kumupatsa moni monong'ona kuti ndisamudzutse.