Maenje Atatu a NyaMhone

Lolemba

Tafika! Atsikana asanu ndi anayi a Sande sukulu, Amayi abusa, ndi ine. Msasa uli m'mbali mwa mtsinje, kumtunda kwa Kande. Tenti tabwereka kusukulu kumene achimwene amaphunzitsa. Ili ndi chiboo choti mutu wa mwana n'kulowa.

Amayi abusa akuti sabata ino ndi mayeso anga. Ndikasamala ana bwino mpaka Lamulungu, ntchito ya kusukulu ya mkaka ndi yanga. Apo ayi, ndizingotsuka mbale kwa achimwene monga ndachitira mwezi wonse chibwerereni kuchokera kwathu ku Ntcheu.

Andipatsa wenzulo yoitanira ana. Ndaivala pakhosi. Sindinaiimbe, anthu angandiyang'ane.

Zimene ndikuopa:
ng'ona
mwana kusowa
kulankhula mokweza
fungo lina loipa lochokera kumadzi

Lachiwiri

Amayi abusa achoka! Kwabwera uthenga woti amayi onse akaphunzire gule wa chipani ku Chintheche, kukubwera akuluakulu. Zimenezo munthu sakana. Pokwera njinga akuti, "Mwanawe, ukhondo! Mwana mmodzi akatsekula m'mimba, usadzandiyang'ane kumaso."

Ndatsala ndekha. Ndikuwerenga ana. Asanu ndi anayi. Ndikuwerenganso. Asanu ndi atatu! Kani wachisanu ndi chinayi ndamubereka kumsana, ndi kamng'ono kaja kolira msanga.

Esinati, wamkulu mwa onse, wa zaka khumi ndi ziwiri, akuti, "Anti, mumalankhula ngati muli m'botolo." Anzake akuseka m'Chitonga. Nanenso ndikuseka, kuti asadziwe kuti sindikumva.

Fungo lakula. Ntchentche zayamba kufika pambale.

Lachitatu

Ndatuma ana kukatola nkhuni, Esinati akuwayang'anira. Ine ndalondola fungo.

Ndalipeza! Maenje atatu m'mphepete mwa madzi, ozunguliridwa ndi miyala, ofunditsidwa masamba. M'kati muli chinangwa chosendasenda, chofewa ngati phala, madzi ake a thovu. Chowola! Anthu ena alibe chisoni, kutaya zinyalala pamene ana akusamba.

Ndatenga beseni. Maulendo makumi awiri ndi umodzi. Chonse ndakhuthulira pakati pa mtsinje, chapita. Maenje ndatsuka ndi mchenga, miyala ndayala bwino. Msana ukuwawa koma mtima uli mbee. Amayi abusa akanaona!

Ana abwera, aona maenje. Palibe woseka. Kamng'ono kaja kagwira pakamwa. Esinati akuti, "Anti, kwanu kulibe kondowole?"

Ndamvapo dzina lake, ndi nsima ya chinangwa. Achimwene salola kondowole m'nyumba, amati imamata m'khosi, amagula ufa wa chimanga. Kwathu chinangwa timangophika n'kumwera tiyi. Ndani anandiuza kuti cha kuno n'chowawa, amachiviika dala masiku angapo kuti ululu uchoke, ndipo fungolo ndiye kuti chapsa?

Palibe. Nanenso sindinafunse.

Lachinayi

Mwini wake wabwera m'mamawa ndi madengu atatu. Dzina lake NyaMhone. Wamtali, mikono ngati ya mwamuna wopalasa bwato. Wasuzumira dzenje loyamba. Lachiwiri. Lachitatu. Kenako ine.

Walankhula Chitonga nthawi yaitali osapuma. Esinati akumasulira, koma ndikukayika, chifukwa mayiyo akalankhula mtunda wonse iye akungoti, "Akuti sanakondwe."

Esinati wamuuza kuti ndimafuna ukhondo. Pomaliza mayiyo watembenukira ku Chichewa: "Iwe wa ku Ntcheu, ana ŵangu sikisi arye ukhondo?"

Ndagwada. Ndangoti "Yewu, ama," poti ndi Chitonga chokha chimene ndikudziwa. Kuthokoza munthu amene ndamutayira chakudya!

Akufuna chinangwa chibwerere m'maenje Loweruka lisanathe. Apo ayi akadikira Amayi abusa pakhomo pa tchalitchi.

Sindinadye. Ana adya bwino.

Lachisanu

Esinati akuti ndisade nkhawa, tchalitchi chili ndi munda wa chinangwa kuseri kwa kaphiri, ndipo za tchalitchi n'zothandizira ovutika. Wovutika ndine.

Zimene zinalembedwa pa pepala la Amayi abusa lero:
nyimbo
mavesi
kusoka kansalu

Zimene tachita:
kukumba
kusenza
kusenda

Ana akukondwa kuposa masiku onse! Akuimba, akupikisana kusenda, mipeni ikungoti waliwali. Ine maso ali pa zala zawo. Zala makumi asanu ndi anayi, ndawerenga kawiri. Wodzicheka ndi mmodzi yekha. Ine.

NyaMhone wandimanga chala ndi kansanza, wandionetsa kayalidwe ka chinangwa m'dzenje ndi kutsendereza ndi mwala. Akuti, "Manja uli nawo. Mutu ndiwo unatsala kwanu." Ndikuganiza kuti n'kuyamikira.

Maenje onse adzaza. Mwina ndapulumuka!

Loweruka

Amayi abusa abwera masana, mawu atasasa ndi nyimbo, mapazi otupa. Awerenga ana, akwana. Ayang'ana mbale, zoyera. Amwetulira. Mtima wanga wayamba kutsika.

Kenako kamng'ono kaja kathamanga kukawakumbatira: "Ama, takumba munda winu wose!"

Si wa tchalitchi. Ndi wawo. Wa tchalitchi uli tsidya lina. Esinati akuyang'ana kumwamba, akuti minda imafanana.

Amayi abusa apita kukaona. Abwerako. Sanakalipe. Bola akanakalipa! Angoti, "Pasulani tenti."

Ikulemera kuposa Lolemba.

Lamulungu

Ana onse asanu ndi anayi abwerera kwa makolo awo, amoyo, palibe wotsekula m'mimba. Akuuza aliyense kuti chaka chamawa akufuna Anti omwewa. Amayi ena akundiloza ndi milomo.

Polengeza m'tchalitchi, sukulu ya mkaka apatsa mtsikana wina wa kwaya, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Ine andipatsa tsache. Amayi abusa akuti tchalitchi chikufuna munthu amene saona chinthu n'kuchisiya pamene chili. Mpingo wonse waombera m'manja.

Ndabweza wenzulo. Aiyesa pamaso panga. Fuu! Mpweya wokha. Kanthu ka m'kati kanagwa kale. Sabata yonse ndakhala ndikuopa kuiimba.

NyaMhone watumiza mbale ya kondowole ndi usipa. Achimwene akana. Ndadya ndekha kukhitchini.

Imamatadi m'khosi. Ndamaliza yonse. Mawa kusesa.