Nsapato ya Kumanja

Lolemba

Mayi wogulitsa usipa wochokera kunyanja wafika m'mawa ndi uthenga: Che Saidi akudwala. Chifuwa. Akuti akufunsa, "Kodi bambo a mthuthuthu aja anachira?"

Manyazi andigwira. Miyezi isanu yatha chigwereni pamchenga wa pamsewu wa ku Senga, ndikuchokera koyendera minda ya thonje. Zambiri sindikumbuka. Ndikukumbuka fumbi m'kamwa, mwendo wamanja utaloza kolakwika, ndi nkhope ya mkulu wa ndevu zoyera amene sindinkamudziwa. Ndiwo Che Saidi, msodzi. Anandigoneka m'khoka lawo, iwo ndi ana awo, n'kundinyamula mpaka pamene panaima lole. Pondikweza anati, "Mukadzachira mudzabwere mutakwera chinthu chanuchi, Inshallah, ndidzachione chikuyenda." Mpaka lero sindinapite kukathokoza.

Akazi anga, amake Esinati, akuti, "Lole ya nsomba imadutsa pakhomo pano tsiku lililonse. Kwerani mawa."

Iyayi! Munthu anandiona ndili m'khoka ngati kampango, andionenso nditakhala pamadengu? Ndipita pa njinga yanga yamoto monga anapemphera.

Dongosolo:
Lachiwiri, kukonza njinga.
Lachitatu, kuyesa.
Lachinayi, ulendo.

Zotenga: bulangete, shuga, tambala. Mawu othokoza ndawalemba kale papepala, ndime zitatu.

Chosowa: nsapato ya kumanja. Inatsala pangozi pomwepo. Ya kumanzere ili yokha pansi pa bedi. Ndiyenda ndi za matayala.

Lachiwiri

Ndatsegula chisakasa chomwe anaikamo njinga ine ndili kuchipatala. Zomwe ndapeza:
chiwongolero chopindika,
nyali yosweka,
mavu amanga m'paipi ya utsi,
thadzi la amake Esinati likukhalira mazira asanu ndi atatu kunsi kwa injini.

Alamu anga a Zakeyu afika osaitanidwa. Anapita kunkhondo ku Bama, ndiye akuti za injini amazidziwa zonse. Anzawo amati kumeneko ankaphika. Awongola chiwongolero ndi munsi. Tsopano chapindikira mbali inayo.

Amake Esinati: "Nkhukuyo musaisunthe, iswa Loweruka." Ndiye tasuntha njinga. Amuna anayi kuinyamula m'malere kudumphitsa nkhuku! Mavu aluma a Zakeyu pachikope. Chisoni ndamva, koma pang'ono.

Anthu atachoka ndagwira chishalo. Fungo la petulo landifika m'mphuno, mtima wangoti myuu. Ndachotsa dzanja msanga.

Lole yadutsa, dalaivala waimba hutala kundilonjera. Ndayang'ana kumbali.

Lachitatu

Kiki, choponda poliza injini, ili kumanja. Mzungu amene anapanga njingayi sanaganizepo za munthu wothyoka mwendo wamanja.

Kuponda koyamba: zii.
Kachiwiri: zii.
Kachitatu: kiki yabwerera, yandimenya pamsongolo penipeni pamene panali chikhakha. Mayo!

Ndayesa ndi mwendo wamanzere nditaima mbali yolakwika. Tagwa tonse atatu, ine, njinga ndi a Zakeyu. Iwo pansi penipeni.

Anthu asonkhana. Amayi opita kumadzi atula mitsuko. Mkulu wina wabwera ndi mpando wake. Zomwe ndamva:
"Chinthu chikakulawa magazi chimafunanso."
"A mlangizi, kwathu ilipo yopalasa, ilibe mabuleki koma siluma."
"Siyani, thonje la chaka chino labereka bwino opanda iwo."

Mawu omalizawa andipweteka kuposa kiki.

A Zakeyu akuti vuto ndi pulagi. Aichotsa, aiuzira mpweya, aiyang'ana ndi diso limodzi lotsalalo, aibwezera. Ulendo wasunthira Lachisanu. Ndauza amake Esinati kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ayankha ali chogada, akupeta mpunga: "Nanga Che Saidi ndi nkhono?"

Lachinayi

Yalira! A Zakeyu ndi amuna awiri onyamula katundu kusiteshoni andikankha, ndaponya giya, yatsokomola kawiri, yalira. Ndazungulira bwalo la mpira katatu. Mphepo kumaso. Ndinaiwala kuti imakoma chonchi. Kunena zoona misozi yalengeza.

Ndiye potulukira pabwalo pali kamchenga. Kakang'ono, mphasa imodzi ikhoza kukaphimba. Nditangokaona manja auma, phazi laponda buleki lokha, injini yazima. Ndauza anthu kuti petulo ali ndi madzi. A Zakeyu avomereza, akuti ku Bama zinkachitikanso.

Pano ndilembe zoona, poti bukuli silikauza munthu. Petulo ali bwinobwino. Ine ndikuopa. Bambo wa ana anayi, woimirira pamaso pa midzi n'kumakalipira anthu za mizere ya thonje, ndikuopa mchenga. Ndikauona ndikumva fupa lija likulira.

Mayi wa usipa wadutsanso. Che Saidi sakudya, phala lokha masipuni awiri.

Amake Esinati amanga tambala miyendo, amuika pakhonde pamodzi ndi bulangete. "Mupite naye wamoyo, anzathu achisilamuwa amazinga okha." Sanatchule za lole. Katundu yekha ndiye akulankhula.

Lachisanu

M'mawa lole yaima pakhomo penipeni. Amake Esinati anapangana ndi dalaivala dzulo, wandisungira malo kutsogolo. Ndati lero ndi Ijumaa, anthu akhala kumzikiti, si ulemu kukawasokoneza. Amake Esinati alowa m'nyumba. Lole yapita.

Ndatuta mchenga mabeseni asanu ndi limodzi, ndauthira pabwalo kuti ndiphunzire. A Zakeyu kukankha, ine kuwoloka. Ndawoloka kasanu mapazi akukwekwereza pansi. Kachisanu ndi chimodzi phazi limodzi linali m'mwamba. Mawa ndithu!

Dzuwa litapendeka lole yabwerera. Dalaivala watsika, wavula chipewa. "Kunyanja kuli zovuta. Mkulu wina watisiya m'mawa. Ena akuti ndi Che Saidi, koma ine sindinaime."

Ndakhala pansi pamchenga wanga womwewo.

Mwina ndi wina. Akuluakulu a ndevu zoyera kumeneko ndi ambiri. Ngati ndi iwo, thupi ligona lero, abale asonkhane, mwambo mawa masana. Ndikafika nthawi yabwino, ndikaperekeze, ndikaponye dothi. Chimenecho chokha ndisachiphonye.

Loweruka

Andikankha m'mamawa. Tambala kumbuyo, bulangete pathanki, pepala m'thumba la malaya.

Mchenga uja ndaufika. Womwewo, pokhotera pomwepo. Ndatsitsa mapazi, ndaluma mano, tambala akukuwa. Ndadutsa! Sindinagwe!

Poyandikira mudzi ndayamba kuyang'ana masamba pamsewu. Pamaliro paliponse amaika masamba, wapanjinga atsike, avule chipewa, adutse akukankha. Ndakonzeka kuzimitsa injini ndikangowaona. Ndayenda, ndayenda. Masamba palibe. Kulira sikukumveka. Mtima wadumpha: dalaivala anamva molakwa, ali moyo! Ndawonjezera moto kuti amve ali chigonere pamkeka wawo. Ndaimba hutala katatu. Ndalowa pabwalo ndi fumbi, ndikuseka.

Amuna akhala pamikeka pansi pa mango, zisoti kumutu, chete. Mitu yonse yatembenuka. Dzanja langa lasowa pozimitsira. Itazima, tambala walira.

Wadzuka bambo wina, ndamuzindikira, anagwira nawo khoka tsiku lija. Ndi Che Yusufu, mwana wawo wamkulu. Wandipatsa moni ndi manja awiri, wandikhazika pamkeka. "Tinaika dzulo lomwelo titatuluka mumzikiti. Ife sitigoneka maliro, bambo. Masamba tinachotsa madzulo."

Ndinkadziwa zimenezi. Zaka zonsezi ndikugula nsomba kwa anthuwa, ndinkadziwa ndithu. Koma dzulo ndinawerengera mwa kwathu.

Sanandidzudzule za hutala. Wangoti, "Sabata yonseyi akamva injini kumsewu ankati tasuzumirani, mwina ndi iwo. Tikasuzumira, lole."

Kenako walowa m'nyumba, watuluka ndi kanthu kokulunga m'nsalu yoyera. Nsapato yanga ya kumanja. "Anaitola m'mawa mwake pamchenga paja. Ankaipaka mafuta kuti isaume. Tinkati tiitumize, iwo ayi, mwiniwake adzabwera yekha."

Andiperekeza kumanda. Dothi likadali lofiira. Pepala sindinalitulutse.

Bulangete ndapereka kwa mayi osiyidwa. Tambala amulandira, akuti adzazinga pa sadaka yokumbukira malemu.

Pobwerera kiki yakana monga mwa masiku onse, ndipo anthu olira sungawapemphe kuti akukankhe. Tadikira lole. Njinga aigoneka pakati pa usipa, ine andikhazika pamadengu.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mwendo watupa.

Anapiye aswa asanu ndi awiri. Njinga yabwerera m'chisakasa, ikununkha nsomba, amphaka a mudzi wonse akuilondera. A Zakeyu akuti nyali ija angathe kuikonza. Ndati aisiye.

Amake Esinati sananene kuti ndinakuuzani. Andipatsa tiyi, akhala pambali panga pang'ono, apita kukaona anapiye. Bola akanakalipa.

Ndatulutsa pepala lija, ndaliwerenga. Ndime yoyamba ikunena za mwendo wanga. Yachiwiri za njinga, mmene ndaikonzera. Zikomo ali pamzere womaliza. Mawu amodzi okha, ndipo mawuwo akanakwera lole Lachiwiri.

Ndasolola nsapato ya kumanzere pansi pa bedi, ndaziika pamodzi. Imene ndinasunga ine yachita nkhungu, akangaude amangamo. Imene anasunga Che Saidi ikuwala, chingwe chake anachimanga bwinobwino.

Ndavala zonse ziwiri, ndakhala pakhonde. Lole yadutsa, yaimba hutala. Ndakweza dzanja.