Whiteson Sakala, Woumba Anthu a Shuga

Mu Fort Jameson monse, muno mukuti mu Chipata lero, munalibe munthu amene ankafuna kuti a Whiteson Sakala amuyang'ane nthawi yaitali. Sikuti anali ndi diso loipa ayi. Vuto linali loti akakupenyetsetsa, Loweruka likudzalo unkapezeka utaima pamwamba pa keke, wamtali ngati chala, woumbidwa ndi shuga. Mphuno yako yomweyo, dazi lako lomwelo, ndipo ngati unkayenda mopendama, kamunthuko nakonso kankaima mopendama. Kukometsa munthu sankakudziwa. Ukadandaula ankangoti, "Mulungu anaumba kale. Ine ndikungobwereza."

Ine ndinagwira nawo ntchito nyumba imodzi, pa famu ya fodya ya mzungu wina panjira ya ku Chiparamba. Iwo anali khukhi, ine dobi, wochapa ndi kusita. Mzunguyo tinkamutcha Bwana Mng'oma chifukwa cha mimba yake, mkazi wake tinkangoti Dona. Donayo ndiye anawaphunzitsa kuphika keke ndi kukutira pamwamba pake ndi shuga wosalala, n'kuwaonetsanso kupanga timaluwa. Zoumba anthu palibe anawaphunzitsa. Amayi awo anali oumba mbiya, ndiye zala zinabadwa zikudziwa kale.

Mukanaona ntchito yake. Shuga wa m'sitolo ankamusinja mumtondo mpaka asanduke ufa, kumusefa pansalu, kuthiramo zoyera za mazira ndi madzi a ndimu, n'kukanda mpaka afewe ngati dongo la kudambo. Utoto wofiira ankautenga ku chidede, wobiriwira ku bonongwe, ndipo maso ankaboola ndi munga. Adani awo anali awiri, dzuwa la Okutobala ndi nyerere. Miyendo ya tebulo inkakhala m'zitini za madzi, koma nyerere za ku Chiparamba sizigonja, zinkakwera kudenga n'kumadziponya kuchokera kumwamba. Ukamadutsa kukhitchini unkamva a Sakala akuzikalipira ngati anthu. "Inu munaitanidwa ndi ndani? Ukwati ndi wa mlongo wanu?"

Mbiri yawo inayamba pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Bwana Mng'oma. Dona analamula keke yokhala ndi bwana atakwera hachi wake. A Sakala anadzitsekera m'khitchini, ndipo Dona atabwera kudzaona anangogwira pakamwa. Bwana analipo ndithu, ndevu zake, chipewa chake, ndi chimimba chogona pakhosi pa hachi.

"Iwe Whiteson, chepetsa mimba iyi," anatero Dona ndi Chinyanja chake chopunduka.

"Dona, mimba imeneyi ndamanga ndine ndi mapoto angawa. Lero ndiikane pamaso pa alendo?"

"Nanga hachi wapindika msana chifukwa chiyani?"

"Mukamufunse hachiyo, Dona. Ali kukhola."

Nthawi youmba ina panalibe, keke inapita pagome momwemo. Azungu a m'mafamu anaseka mpaka wina anatsamwa. Bwana Mng'oma anafiira nkhope, kenako anathyola mimba ya kamunthuko n'kuitafuna yekha. Kuyambira pamenepo madona onse ankabwereka a Sakala pa maphwando awo, aliyense akufuna kuona mnzake ataumbidwa, palibe wofuna kudziona yekha. Dona wina anafika pobisa nkhope ndi nyuzipepala nthawi zonse a Sakala akamalowetsa tiyi.

Kumudzi nkhani inali ina. Akazi awo, amayi Ketilina, anawafunsa tsiku lina kuti, "Bambo a Lazaro, zala zimenezi zidzangosekesa azungu mpaka liti? Mwana wa mchemwali wanga akukwatiwa." Mwanayo anali Elesi, mtsikana wamtali ngati mlaza, ndipo mwamuna wake Jethro ankamulekeza paphewa. Ku Chiparamba kunali kusanaoneke keke paukwati wa munthu wakuda. Amene anaonako za azungu pazenera ankadziwa kuti pamwamba pamaima akwati awiri oyera mbuu, poti shuga ndi woyera. A Sakala anakana zimenezo. Anapempha ufa wakuda wa koko kwa Dona, n'kuwotchanso shuga pang'ono, nakanda mpaka dongo lawo linafanana ndi khungu la Elesi.

Jethro atamva anabwera mozemba, chipewa kumanja.

"Bambo, ndapota nanu, mundiwonjezereko pang'ono miyendo."

"Ndikakuwonjezera miyendo, anthu adzafunsa kuti Elesi wakwatiwa ndi ndani."

"Chala chimodzi chokha, bambo."

"Miyendo sindiwonjezera. Koma usadandaule, uoneka."

Patsikulo Jethro anapezeka wamfupi monga analili, koma ataima pamwamba pa kachulu ka shuga, akumuyang'ana mkazi wake m'maso. Anthu anasiya kuvina, onse kuunjikana pakeke. Amayi ena okalamba ankangoti, "Ndi Elesi ameneyu, ndi Elesi ndithu, ngakhale kaimidwe." Mpaka lero zidzukulu za Jethro timazitcha a Pachulu, ndipo zimavomera.

Mmodzi yekha sanasangalale, a Andireya, katekisiti wa tchalitchi chathu. Anali atalalikira kale Lamlungu lapitalo kuti kuumba chifanizo cha munthu wamoyo ndi mafano, mwinanso ufiti. Paukwatipo anaima kutsogolo kwa keke, chala m'mwamba.

"A Sakala, mukudziwa zimene zinachitikira oumba mwana wang'ombe m'chipululu?"

"Uja anali wagolide, aphunzitsi. Fano loti nyerere zikhoza kulinyamula, inu mukuliopa?"

"Si nkhani yoseka imeneyi."

"Tazungulirani kumbuyo kwa kekeko muone."

A Andireya atazungulira anadzipeza okha, ataima kumbuyo kwa akwati, pakamwa yasa, chala m'mwamba, ndendende monga anaimira nthawi imeneyo. Anakayang'ana kamunthuko nthawi yaitali. Kenako anati chinthu chotere sichiyenera kudyedwa ndi ana, anakakulunga pampango n'kupita nako kunyumba kuti akakawononge. Patapita masabata, akazi awo anaulula kuchitsime kuti kali pashelefu pafupi ndi buku la nyimbo, ndipo abambo amakapukuta fumbi okha.

Kenako kunabwera nkhondo. Anyamata ambiri a ku Chiparamba analowa usilikali, ndipo Lazaro, mwana wamwamuna yekhayo wa a Sakala, anapita nawo. Shuga anayamba kusowa, makeke anachepa, koma pakamwa pa a Sakala sipanachepe. Ankati nkhondo yoyamba ndi nyerere anaipambana, ya azunguyi aisiyira Lazaro. Anyamata aja anatumizidwa kutali, mpaka ku Burma, dziko limene tinkangolimva dzina. Chaka chomaliza cha nkhondo mesenjala wa ku Boma anafika pakhomo pa amayi Ketilina n'kuvula chipewa. Lazaro sanali yekha. M'midzi yathu munali makomo angapo amene mesenjala anavulirapo chipewa chaka chimenecho. A Sakala anagona pamaliro opanda mtembo, n'kubwerera kuntchito. Nyerere anasiya kuzikalipira.

Nkhondo itatha, azungu anakonza phwando lalikulu ku kalabu yawo m'tauni, ndipo keke anapatsa Dona wathu kuti aisamale. Madona onse anasonkha shuga amene anabisa m'makabati. Dona anati pakekepo pakhale mbendera, mkango, ndi asilikali akuguba. A Sakala anavomera ndi mutu. Sabata yonse sanalole munthu kulowa m'khitchini, ngakhale ine amene ndinkapalamo makala a simbi.

M'mawa wa phwando tinanyamula kekeyo pagalimoto itavundikiridwa ndi nsalu. Kukhitchini ya kalabu Dona anavundukula. Mbendera inalipo, mkango unalipo. Asilikali analiponso, mizere iwiri, makabudula a khaki, mfuti paphewa. Onse anali akuda. Ine nditasuzumira ndinaona kuti sanali asilikali wamba. Uyu wa khosi lalitali anali mwana wa a Lenia a kutsidya kwa dambo, uyu wa matewe anali Alfonsi amene ankaimba ng'oma kutchalitchi. Kutsogolo kunali Lazaro, makutu ake aakulu aja atatulukira kunja kwa chipewa.

Dona sanali munthu wouma mtima kwenikweni, ndipo Lazaro ankamudziwa kuyambira ali khanda. Koma kuseri kwa chitseko kunali kalabu yonse, ndipo m'kalabumo munthu wakuda ankalowa atanyamula thireyi basi.

"Whiteson, ndinati asilikali athu."

"Ndi athu amenewa, Dona."

"Ukudziwa zimene ndikunena. Pali shuga wotsala. Apake oyera msanga, nthawi ilipo."

"Anapita akuda, Dona, ndipo anafa akuda. Ndikawapaka, amayi awo sadzawazindikira."

"Ndiye achotse. Mbendera ndi mkango zikwana."

"Dzanja langa linawaika. Lochotsa likhale lanu."

Dona anawopseza kuti akapanda kumvera, ntchito yatha lero lomwe. A Sakala anangotambasula epuloni yawo ndi manja awiri. Ndiye Dona anayamba kuzula asilikali aja mmodzimmodzi n'kumawaika paepuloniyo. Atafika pa Lazaro anaima. A Sakala anadikira. Dona anamuzula ndithu. A Sakala anawayala onse bwinobwino m'chitini cha mabisiketi, anavula chipewa cha ukhukhi n'kuchiveka botolo la viniga limene linali patebulo.

"Khukhi wanu watsopano ndi ameneyu, Dona. Sayankha."

Anatuluka pakhomo lakutsogolo la kalabu, limene sitinkaloledwa kudzera, pakati pa azungu ovala zoyera, chitini pamutu. Palibe anawaletsa, ndikhulupirira poti palibe anakhulupirira zimene ankaona. Anayenda pansi mpaka ku Chiparamba. Keke ya kukalabu inadyedwa ili ndi timabowo mizere iwiri, ndipo alendo ankafunsana kuti kodi mkangowo wadya ndani.

Lamlungu lotsatira, Misa itatha, amayi Ketilina anatulutsa chigumu chachikulu cha ufa wachimanga ndi nthochi, chophikidwa mumphika, moto pansi moto pamwamba. A Sakala anaimika asilikali aja pamenepo, pansi pa mtengo wa kachere kunja kwa tchalitchi. Sanaitane munthu ndi dzina. Amayi ankangobwera, kuwerama, kuyang'ana mzere, aliyense n'kutola wake osalakwitsa. A Lenia anamufukata wawo m'manja ngati mwanapiye. A Andireya omwe aja, odana ndi mafano, ndiwo anayambitsa nyimbo. Chigumucho ana anadya, koma asilikali sanadyedwe.

Bwana Mng'oma anatuma anthu kangapo kuti a Sakala abwerere, poti khukhi watsopano ankaphika makeke oti ukhoza kumangira nyumba. Yankho linali limodzi. "Mukamuuze bwana kuti ndili ndi alendo." Anamanga uvuni wawo wa njerwa kuseri kwa nyumba, nayamba kuphikira maukwati, maubatizo, ngakhale phwando la munthu wogula njinga. Shuga akasowa ankakanda ufa wa chinangwa ndi uchi. Zinkalimba ngati mwala, koma nkhope zinkatuluka zoona. Pakamwa ponse panabwerera. Mkwati wina wa ku Nabvutika anawakwiyira mwezi wathunthu chifukwa anamuumba akuyang'ana cham'mbali, kumene kunaima mng'ono wa mkazi wake.

Chaka cha chilala chachikulu chija, nkhondo itatha kale, chifuwa chinawagwira a Sakala. Tinawatengera ku chipatala ku Tamanda, kumene anamaliza sopo wa m'wodi yonse akusema anamwino ndi munga. Nditapita kukawaona ndinawafunsa chinthu chimene chinkandivuta kalekale.

"A Sakala, mwaumba tauni yonse. Bwanji inu simunadziumbepo?"

Anandiyang'ana ndi diso lija lopenyetsetsa, naseka mpaka kutsokomola. "A dobi, ine ndine munthu wachifundo. Zimene ndimaona m'kalilole sizoyenera kuika pachakudya."

Anamwalira mvula isanagwe. Tinawaika ku Chiparamba, ndipo pamaliro panali anthu ochokera kutali, ena amene anawalumbirira kuti sadzawalankhulanso.

Makeke sanathe, masiku ano paukwati uliwonse imakhalapo. Koma tianthu ta pamwamba timagulidwa kusitolo m'tauni, awiri oyera mbuu, nkhope zosalala zosafanana ndi wina aliyense. Satafunika, ndiye ukwati ukatha amawatsuka n'kubwereketsa kwa ena. Mkwati mmodzimodziyo wakwatira mkazi mmodzimodziyo m'midzi yonse kuchokera ku Chiparamba mpaka ku Tamanda, ndipo palibe mwana amene amathamangira kukeke kukaona ngati amalume ake alipo. Timayenda momasuka tsopano, wadazi ndi dazi lake, wamatewe ndi matewe ake, palibe wobisa nkhope. Ine ndakalamba, msana wapindika, mano atsala owerengeka, ndipo nthawi zina paukwati ndimadzipeza nditaima pafupi ndi keke, nditawongola jekete. Anthu amangondidutsa. M'dziko lonse lino simunatsale munthu wotiyang'ana nthawi yaitali.